Kabowo ka pa Chitsekero cha Thanki

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Kodi miyendo ija yasiya kutupa? Ife kuno tili bwino, adzukulu anu akungokula.

Ndalemba kuti mtima wanu ukhale m'malo, galimoto ya malemu bambo sigulitsidwanso. Paja achimwene analamula kuti ikapanda kuchira mwezi uno, tiipereke kwa ogula zitsulo akaiphwasule. Nkhani imeneyi inkandidya mumtima.

Matenda ake anali odabwitsa. Ndikailiza inkayenda bwinobwino, koma ndikapita patali pang'ono inkatsokomola n'kuzima. Ikapumula inkaliranso ngati sinalakwe kanthu. Tsiku lina inandizimira pamphambano, madalaivala akundiimbira hutala, ine ndikukankha nditavala jekete. Manyazi ake sindidzaiwala.

Ine ndi makanika wa kuseri kwa nyumba yathu tinayamba kulondola njira yonse ya petulo. Tinasintha sefa, tinatsuka kabuleta, tinauzira m'mapaipi mpaka masaya kuwawa. Iye anati vuto ndi pampu, koma nayonso tinaipeza ili bwino. Apa ndiye ndinagwira njakata.

Dzana itazimanso ndili ndekha, ndinati ndione ngati petulo watha. Nditangotsegula chitsekero cha thanki, ndinamva mpweya ukulowa mwamphamvu. Nditamuuza makanika, anaseka mpaka misozi. Akuti pachitsekeropo pali kabowo kolowera mpweya, ndipo kakatsekeka petulo amakanika kutsika kupita ku injini. Titayang'ana, tinapeza kabowoko katatsekedwa ndi penti.

Mwaiwala kuti alamu anaipenta galimotoyi chaka chatha? Dzanja lawo silidziwa kuumira, anapaka mpaka chitsekero chomwe. Ndinangobowola ndi singano basi. Dzulo ndinazungulira nayo tauni yonse osazima, ndipo pobwerera ndinkaimba ndekha ngati mwana.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze achimwene amubweze wogula zitsulo uja, koma za penti musatchule. Alamu anachita mwachikondi, ndipo pakamwa pa achimwene mukupadziwa. Mungonena kuti yachira.

Mundiperekere moni kwa azakhali, achemwali, ndi alamu omwewo. Mwezi wamawa ndibwera nayo kudzakutengani. Mudzakhala kutsogolo, pampando wanu uja. Chitisiyire bambo, sindinalolepo munthu wina kukhalapo.

Tsalani bwino amayi,

Ndine mzime wanu