Ndinakudwalitsani Kuti Ndipite ku Koleji

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu ndi kamwana kathu. Kodi mano aja atuluka, kapena kakukusowetsanibe mtendere? Nanga msana wa alamu uli bwanji? Kuno tadzuka. Amayi miyendo imawavuta m'mawa mokha, dzuwa likakwera amayenda okha mpaka kumsika. Ine thupi lili bwino, koma mtima ndi umene wandikhazika pansi kuti ndilembe.

Ndikudziwa kuti munadabwa Lamlungu lapitali pamene amayi anakuimbirani foni akulira, n'kukufunsani katatu konse ngati mukudwala. Pambuyo pake munandiimbira ine kanayi, osayankhidwa. Foni sinali patali ayi, inali m'manja mwangamu. Ndinkaona dzina lanu likuwala, n'kungoisiya ikulira. Ndiye ndati bola pepala, chifukwa pepala silimudula munthu mawu.

Nkhani yake yayambira ku koleji. Atanditenga kuti ndikaphunzire zoyeza magazi, munasangalala mpaka kundiimbira nyimbo pa foni. Ndinakuuzani kuti maphunziro onse ndi amadzulo, moti ntchito yanga ya kochapira zovala sidzasokonezeka. Pamenepo sindinaname, ndi mmene analembera poyamba. Koma titayamba anatiuza kuti Lachiwiri ndi Lachinayi tizifika 1 koloko masana m'chipinda choyezera, ndipo wojomba katatu sadzalemba mayeso.

Ndikanangopita kwa Mayi Kolala, eni malo ochapirawo, n'kuwauza tsiku lomwelo. Inu mukuwadziwa kuposa ine. Munawagwirira ntchito zaka zisanu ndi zinayi, ndipo dzinalo munawapatsa ndinu chifukwa malaya aliwonse amayamba kuwaunika pakolala. Koma ndinakumbukira mmene anachotsera mtsikana uja ankagulitsanso nsapato kumsika, amvekere mapanga awiri avumbwitsa. Ndinakumbukiranso kuti musanasamuke munachita kuwagwadira kuti andilembe ntchito, n'kuwauza kuti mukaona mng'ono wangayu mwaona ine.

Ndiye ndinayamba kunama. Lachiwiri loyamba ndinati mutu. Lachinayi ndinati dzino. Sabata yachiwiri nditatinso mutu, Mayi Kolala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kufunsa ngati mutu wangawo umayendera kalendala.

Apo ndi pamene ndinatchula inu. Sindinakonzekere, achemwali, mawu anangotuluka okha. Ndinati munabwera mwakachetechete, mukudwala impso, mwagona kunyumba, ndipo kawiri pa sabata ndimakuperekezani kuchipatala. Ndinawonjezera kuti mwaonda kwambiri moti simukufuna kuonedwa ndi munthu aliyense.

Anavula magalasi aja n'kukhala pansi pa mtolo wa makatani. Chiyambireni ntchito ndinali ndisanawaonepo atakhala pansi masana. Anati masiku awiriwo ndizingopita osapemphanso, ndipo mulu wanga wa masana azisita a Wayilesi.

A Wayilesi mukuwakumbukira, amayi osita aja amene pakamwa pawo sipazima kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Masiku ano miyendo yawo imatupa. Ikamakwana 3 koloko amavula nsapato n'kuponda pa katoni kuti simenti isawapweteke. Amenewo ndi amene anasenza mulu wanga masabata asanu ndi limodzi, zoyala za kuhotela zija, zolemera, zofunika kupinda anthu awiri. Sanadandaulepo ngakhale kamodzi.

M'malo modandaula, Lachitatu lililonse ankandichingamira pakhomo ndi mafunso: wagona bwanji mnzanga, wadyako kanthu, adokotala akuti chiyani. Ine n'kumayankha. Ndinakupezerani dokotala wamtali wa ndevu. Ndinakumwetsani mankhwala owawa. Tsiku lina ndinakukomoletsani pa mzere wa kuchipatala. Bodza lili ngati khanda, achemwali, tsiku lililonse limafuna kudyetsedwa, ndipo limakula ukuliona.

Lachisanu lina a Wayilesi anasala kudya chifukwa cha inu. Nthawi ya nkhomaliro ine ndinkadya buledi wanga, iwo ali ndi kapu ya madzi basi. Nditawagawira anakana, akuti lero ndi tsiku la mkulu wako, ndikumupempherera. Ndinameza buledi uja ngati ndikumeza sopo, komabe sindinaulule.

Tsono Lamlungu masana ndinali kuchipinda ndikuwerenga za magulu a magazi, amayi ali pakhonde akusokerera batani. Ndinamva odi, ndipo mawuwo ndinawazindikira nthawi yomweyo. Anali Mayi Kolala ndi a Wayilesi, atanyamula jumbo ya malalanje ndi bulangete latsopano. Anauza amayi kuti apirira mokwanira polemekeza zofuna za wodwala, koma lero angosuzumira pakhomo, sakhalitsa.

Amayi anafunsa kuti wodwala wake uti. Iwo anatchula inu.

Chimene sindidzaiwala n'chakuti amayi sanaganize n'komwe kuti ndanama. Anaganiza kuti mukudwaladi kumeneko, ndipo tonse takhala tikuwabisira poopa matenda awo a mtima aja. Malaya anagwa m'manja. Anafuna kuimirira, anagwira chitseko, n'kutsetserekera pansi. Ankangoti mwana wanga mwamugoneka chipatala chiti, ngati wapita ndiuzeni, ine ndi amene ndinamubala.

Ndinatuluka buku lili m'manja, n'kunena zonse pamaso pa anthu atatuwo. Amayi sanandikhulupirire, ankati ndikuwatonthoza chabe. N'chifukwa chake anakuimbirani, ndipo sanapume mpaka atamva mukuseka ndi mwana.

Mayi Kolala sanakalipe. Anaika jumbo pa mpando, anadzutsa amayi, anandituma madzi n'kuwamwetsa okha. Pochoka anangondiuza kuti mawa 7 koloko monga mwa nthawi zonse. A Wayilesi anawatsatira pambuyo akutsimphina, ali duu. Kukhala chete kwa a Wayilesi kunandipweteka kuposa mbama.

Lolemba anandiitanira kuseri kwa kauntala, pamene timapachika masuti. Anati: “Ukanandiuza zoona mwina ndikanakana, sindikunamize. Koma ukanatuluka pakhomo pano mutu uli m'mwamba. Iwe wagoneka mkulu wako pa bedi la odwala ali wamoyo, n'kutiliritsa anthu akuluakulu.” Anati sandichotsa, chifukwa cha inu. Koma za kugwira theka la tsiku ndiiwale, popeza galimoto ya kuhotela imabwera masana, ndipo miyendo ya a Wayilesi singanyamule anthu awiri. Anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti ndisankhe, simbi kapena sukulu.

Apa ndafika pa chimene chikundivuta kulemba kuposa bodza lija. Achemwali, ntchito imeneyi ndimadana nayo. Ndadana nayo kuyambira sabata yoyamba, ndipo nthawi zonse mukandifunsa ndinkati ikuyenda bwino.

Ndimadana ndi fungo la mankhwala oyeretsera limene silichoka m'manja ngakhale usambe kangati. Ndimadana ndi nthunzi imene imakusiya bulauzi itamatirira kumsana. Ndimadana ndi kupisa m'matumba a anthu n'kupezamo timipango tamamina, ndi makasitomala oponya zovala pa kauntala osapereka n'komwe moni. M'mawa ndikatsika minibasi pa ngodya paja n'kuona chikwangwani chathu, ndimalakalaka kubwerera kunyumba.

Koma masana aja a Lachiwiri ndi Lachinayi, nditavala gauni yoyera, diso lili pa makina oonera tizilombo, ndinkaiwala zonse. Ndinkasangalala, achemwali. Pa nthawi imene anthu ankaganiza kuti ndakugwirani mkono pa mzere wa kuchipatala, ine ndinali kuseka ndi anzanga.

Palinso china. Tsiku lina mnyamata wa m'kalasi mwathu anabwera kudzasiya suti. Nditamuona pawindo ndinathawira kuseri kwa madiresi opachikidwa, n'kuima pamenepo mpaka atapita. Ndinachita manyazi ndi tebulo lositira lomwelo limene linandilipirira sukulu kuyambira ku pulayimale, tebulo limene linakusiyirani chipsera cha simbi pa dzanja. Nditatuluka kumadiresiko sindinathe kudziyang'ana pa galasi la makasitomala.

Ndiye sabata yonseyi mutu wakhala ukuzungulira. Ndikati ndisiye koleji, ndikuona kuti zaka zanu zisanu ndi zinayi zapita m'madzi, pakuti munkasita kuti ine ndidzafike kumeneko. Ndikati ndisiye ntchito, katundu wa pakhomo pano abwereranso pa mutu panu ndi pa alamu, inu mutangoyamba kumene kupumako. Ndipo ndikudzifunsa ngati ndikusiya chifukwa cha sukulu, kapena sukuluyo ndangoipeza ngati pothawira. Ndikayang'ana mumtima ndikupeza zonse ziwiri.

Lachitatu ndinapeza a Wayilesi kuseri, kumene timayanika zoyala. Ndinagwada pa simenti yonyowayo n'kupepesa, makamaka za Lachisanu lija anagona ndi njala. Anandiuza kuti ndidzuke ndisadetse siketi. Anati pemphero silibwerera m'njira, linafika kwa mkulu wako, limusunge. Chimene chinawawawa, akuti, n'chakuti ndinawayesa munthu woti sangandithandize pa zoona. “Ukanati ndi sukulu, ine mulu wakowo ndikanasita ndikuvina.”

Ndinawauza kuti ine sindingakhale ngati inu achemwali, amene munkaikonda ntchitoyi mpaka kumaimba tsiku lonse. Anaseka mpaka kugwira mtengo wa chingwe. Anati: “Iwe unkayesa ankaimba chifukwa chokondwa? Ankaimba kuti asatukwane.” Anati masiku ena munkabwera kuseri komweko n'kubisala pakati pa zoyala, n'kubwerera maso ali psuu, mumvekere ndi nthunzi. Kenako anandiponyera nsonga ya nsalu kuti tipinde, n'kuyamba kundisimbira za mpongozi wawo ngati palibe chachitika.

Ine ndinali mwana, ndinkangoona mukubwera ndi makope ndi nsapato za sukulu. Sindinakufunsenipo ngakhale tsiku limodzi kuti mwaswera bwanji.

Dzulo ndapereka kalata kwa Mayi Kolala yoti mwezi ukatha ndisiya. Anaiwerenga kawiri, anaipinda bwinobwino, n'kunena kuti ndasankha njira yabwino, kungoti ndadzera kuminga pomwe msewu unalipo. Masiku otsalawa andilola kupitabe kukalasi, koma ine ndikumalawirira kuti a Wayilesi akamafika apeze theka la mulu wawo nditasita kale. Sizikufafaniza kanthu, ndikudziwa, koma miyendo yawo ikupumako.

Sindinakufunseni ndisanapereke kalatayo, ndipo ichinso ndi cholakwa. Ndinaopa kuti mukangoti pirira, ndidzapirira, n'kuyambanso kunama kwina. Ndayamba kale kufunsa za ntchito ya Loweruka ndi Lamlungu m'masitolo a pafupi ndi koleji. Sindinapeze, ndipo sindikulonjezani zimene sindinagwire m'manja. Ndalonjeza zambiri kale ndi pakamwa pomwepa.

Amayi akundiyankhula zofunika zokhazokha: tseka chitseko, bweretsa madzi. Akuti munthu satchulira m'bale wake matenda, pakamwa pamalodza. Ine ndaphunzira kale kuti impso sizidwala chifukwa cha mawu, komabe dzulo nditamva kuti munali ndi chimfine sabata yatha, ndinakumbukira mawu a amayiwo. Chonde kayezetseni ngakhale mukumva bwino, mungondichitira chifundo.

Ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, muwaimbire Mayi Kolala ndi a Wayilesi, amve mawu anu. Dzina limene ndinadetsa pamalo paja si langa, ndi lanu, ndipo iwo anakulirani ndi mtima wonse. Lachiwiri, mundiimbire ine Loweruka. Ndidzayankha isanalire kawiri. Mukalipe mmene mungafunire, sindidzadula foni ndipo sindidzadziteteza.

Mukamaliza kukalipako, mundiuze za zaka zisanu ndi zinayi zija, mmene zinalili zenizeni, osandisankhira zabwino zokha. Ndachedwa kufunsa, koma tsopano ndakula moti ndingamve.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti manyazi andigwira ndi iwonso. Kamwanako mukapsompsone pachipumi. Amayi akupereka moni, ndipo ngakhale sakundiyankhula kwenikweni, aima pakhomo kawiri kufunsa ngati ndalembamo zoti muzivala juzi m'mawa. Mulungu akusungeni ndi moyo wautali ndi thupi lamphamvu.

Ndine mng'ono wanu wokulakwirani,
Mzime