Khobidi Lanu Lakale Lili M'mimba mwa Mwana

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino kutsidya kwa malireko. Kuno tilipo, ntchito ya ku galaja ikuyenda, koma mdzukulu wanu watisowetsa mtendere.

Mukukumbukira makobidi a dziko lanulo amene munatisiyira m'chitini mutabwera ku ukwati wathu? Munati ndisunge, poti kale limodzi linkasinthidwa ndi athu awiri. Nditapita nawo kwa osintha ndalama anandiseka, amvekere: "Achimwene, awa anatha ntchito boma lawo litachotsa maziro. Kabooleni akhale mawashala omangira mabawuti." Ndiye tinangomupatsa mwana kuti aziseweretsa, ndipo Lachiwiri wameza limodzi.

Kuchipatala anamujambula, likuoneka ndithu, langokhala phee. Adokotala akufuna kudziwa kuti ndi lachitsulo chanji. Otsalawo amake anakawataya m'chimbudzi chifukwa cha mkwiyo, ndipo ine sindinawayang'anitsitsepo. Paja ndalama zanu zinali za mitundu iwiri: kunali zoyera zolemera zija, kenako kunabwera zopepuka zochita dzimbiri. Munatisiyira ziti? Ngati muli nalo lina lofanana nalo, likulungeni papepala mumupatsire dalaivala wa basi.

Mwanayo akudya, akuseka, alibe nazo ntchito. Ine ndi amene ndikumafufuza thewera lake ndi kamtengo m'mawa uliwonse.

Adokotala akuti likapanda kutuluka lokha pali njira ina. Anandiuza ndili ndekha pakhonde. Poyankha musafunse za imeneyo, chifukwa makalata amayamba kutsegula ndi amake.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wa ku galaja