Bambo a Olivia akukana nkhoswe chifukwa cha nyimbo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka za m'ma 50. Ndimakhala ku Mississauga ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Oakville. Nkhani yangayi mwina muiseka, chifukwa nanenso poyamba ndinkaiseka. Koma chinkhoswe cha mwana wathu chili mu November, ndipo amuna anga ndi achimwene anga sakuyankhulana chifukwa cha nyimbo ya azungu.

Amuna anga, a Norbert, amakonda kagulu kena koimba kotchedwa The Harbour Gulls. Musavutike kuganiza, simunakamvepo. Anali anyamata anayi a ku Hamilton konkuno, omwe m'zaka za m'ma 1960 ankaimba nyimbo zija za achinyamata osewera pamafunde atakwera thabwa. Gitala wake amalira ngati ali mumgolo, mawu amakwera kwambiri, nkhani zake ndi dzuwa, atsikana ndi magalimoto. Anatulutsa chimbale chimodzi basi. Nthawi imeneyo gulu lija la ku California, lomwe aliyense amalidziwa, linali litagwira mawayilesi onse, ndiye a ku Hamilton anangozimiririka.

Chimbalecho chinafika ku Dedza ndi mphunzitsi wina wa ku Canada amene ankaphunzitsa a Norbert kusekondale. Pobwerera kwawo anawasiyira. Pobwera kuno mu 1989 anachikulunga m'chitenje changa n'kuchiika pakati pa sutikesi, nsapato zawo zina n'kutsala ku Blantyre.

Iwo amati a ku California ankaimba za nyanja yomwe anali nayo pakhomo, pomwe a ku Hamilton ankaimba za mafunde omwe anali asanawaonepo, atakhala m'mbali mwa nyanja yozizira, kumbuyo kwawo kukufuka utsi wa fakitale ya zitsulo. Amati n'chifukwa chake nyimbo zawo zili ndi kachisoni ngakhale zili zovina. Kwa ine zonse zimamveka chimodzimodzi. Akayika chimbalecho ndimatsikira kubesimenti, chipinda chapansi pa nyumba, kukachapa.

A Norbert amagwira ntchito mulabu ya chipatala china ku Hamilton. Chaka chatha mwini shopu ya zimbale zakale kumeneko anawauza kuti woimba wamkulu wa kagulu kaja, a Gordon, ali moyo ndipo amakhala chapafupi. Anapuma ntchito kufakitale ya zitsulo, akazi awo anamwalira. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse a Norbert amadiraiva kupita kwa a Gordon. Ine sindinadandaule. A Gordon ndi munthu waulemu, anabwerapo kwathu n'kudya zonse zomwe tinawapatsa.

Vuto linayamba pa 6 July chaka chino, pa chikondwerero cha ufulu chomwe timachita Amalawi ndi anzathu a ku Zambia muholo yomwe timabwereka kuno. A Norbert anawanyengerera a Gordon kwa miyezi kuti adzaimbe. Munthuyo anali asanaimirirepo pagulu kuyambira ali mnyamata, ndipo zala zake zinauma ndi ntchito. Anavomera, anagula ndi shati yatsopano ya maluwa.

Anawapatsa mpata nthawi ya chakudya. Anaimba nyimbo zawo zingapo anthu ali pamzere ndi mbale, ana akuthamangitsana, amayi akufunsana za kumudzi. Womvetsera anali a Norbert okha, ataimirira kutsogolo manja atapinda. Kenako achimwene anga, a Bester, omwe ankayendetsa mwambo, anatenga maikolofoni n'kunena mwanthabwala m'Chingerezi kuti: "Zikomo bwana pa fotokope. Tsopano tipatseni orijino." Anatchula nyimbo yotchuka ya gulu la ku California lija. Holo yonse inaseka n'kuwomba m'manja.

A Gordon sanakane. Anaiimba, ndipo anaiimba bwino. Anthu anasiya mbale n'kuyamba kuvina, ngakhale ana obadwira kuno ankaidziwa. Atamaliza anawerama, analongedza gitala wawo, a Norbert n'kuwaperekeza ku Hamilton. Kuholo sanabwererenso, ine ndinapita kunyumba ndi anzanga.

Chodabwitsa n'chakuti a Gordon sanakhumudwe. Loweruka lotsatira a Norbert anapita kukapepesa, koma iwo anawayankha kuti: "Norbert, anyamata aja ankatiposa. Ine ndinavomereza kalekale." Anatinso anasangalala kuona anthu akuvina. A Norbert anabwera kunyumba atakwiya kuposa mmene anapitira.

Mwana wathu Olivia akutomeredwa ndi Given, mnyamata wa ku Lusaka, ndipo a Bester monga amalume ake ndiwo nkhoswe. Iwo ndi amene akhala akukambirana ndi akuchimuna kuyambira pachiyambi. Pano a Norbert akuti tipeze nkhoswe ina, apo ayi iwo kuchinkhoswe sapita. Akuti munthu wonyoza mlendo pagulu sangaimire mwana wawo. A Bester akuti sangapepese alamu awo chifukwa cha nthabwala yomwe mwini wake sanaidandaule. Olivia nditamufotokozera anangoti, "Mum, it's just a song," n'kukwera kuchipinda kwake. Koma ndinamumva akulira pafoni ndi Given.

Kuno tilibe wachibale wina wamkulu. Akuchimuna akubwera kuchokera ku Lusaka ndipo matikiti anabukitsa kale. Ndaganiza zopempha a Gordon kuti adzaimbe pachinkhoswepo, mwina a Norbert angafewe. Kodi ndichite zimenezo, kapena ndivomere zosintha nkhoswe?

B.N., Mississauga

Mayi B.N.,

Musachite chilichonse mwa ziwirizo.

Nkhoswe sasintha pakati pa zokambirana popanda mlandu waukulu. Akuchimuna adzafunsa chifukwa, ndipo palibe yankho lomwe lingamveke bwino. Amene adzalowa m'banja ndi manyazi amenewo ndi Olivia, osati bambo ake. Auzeni a Norbert zimenezi momveka, kamodzi, muli awiri.

A Gordon asiyeni apume. Anaitanidwa kamodzi kudzakondweretsa mnzawo, zinatha momwe zinathera, ndipo anazilandira mwaulemu. Kuwaitananso kuti adzazimitse moto wa m'banja mwanu n'kuwasenzetsa katundu yemwe si wawo. Akabwera, abwere ngati mlendo, akhale pansi adye.

Tsopano tikambe za amuna anu. Ine kagulu kameneka sindinakamvepo, ndipo zimenezo zikungotsimikiza zomwe iwo akunena. Si zachilendo kuti oimba abwino aphimbike chifukwa anatulukira nthawi imodzi ndi ena amphamvu kuposa iwo. Kuphimbika sikutanthauza kuti ntchito yawo inali yabodza. Mawu oti fotokope anali oipa, ndipo a Bester analakwa, ngakhale anthu anaseka.

Koma onani yemwe anavulala. Si a Gordon. A Norbert anasenza chimbale kuchokera ku Dedza mpaka kuno, anapeza mwini wake, anamubweretsa pamaso pa anthu akwawo kuti aone chomwe iwo akhala akuchikonda kuyambira ali mnyamata, ndipo anthuwo anasankha china. Kenako mwini nyimbo naye anagwirizana ndi holo. Atsala okha. Akamati mlendo ananyozedwa, akunena za iwo eni, kungoti mwamuna wa msinkhu wawo sanganene kuti munandiseka.

Choyamba chili kwa inu. Mwalemba kuti chimbale chikayamba mumatsika kukachapa. Sabata ino zovala zidikire. Apempheni akuikireni chimbalecho, mukhale pansi, mumve nyimbo za mbali zake zonse ziwiri, ndipo muwafunse nyimbo yomwe amaikonda kwambiri ndi chifukwa chake. Simukukakamizidwa kuikonda, ndipo musaname kuti mwaikonda. Munthu amene wamvedwa kunyumba sakhala ndi njala yaikulu yoti holo yonse imupepese. Za chinkhoswe musazitchule tsiku limenelo.

Mukatero pitani kwa achimwene anu nokha, osati pafoni. Musayambe ndi mawu oti pepesani, chifukwa akana kale. Auzeni za mphunzitsi uja, za nsapato zotsala ku Blantyre, za miyezi yomwe a Norbert anatha akunyengerera mnzawo. Ndikukayika ngati amazidziwa. Kenako akumbutseni ntchito yawo. Nkhoswe ndi munthu woyanjanitsa mabanja. Ngati akulephera kukwera masitepe a nyumba ya mlongo wawo n'kunena kuti alamu, tsiku lija ndinalankhula mopitirira, adzatani Olivia ndi Given akadzawabweretsera mlandu weniweni? Sakufunika kuvomereza kuti a ku Hamilton ankaposa a ku California. Akufunika kuvomereza kuti anachititsa manyazi munthu pagulu.

Akumane kwanu masana, mwezi uno usanathe. Inu muwapatse tiyi n'kutuluka. Ngati mukuona kuti awiriwo sangathe okha, pemphani mkulu mmodzi wa kutchalitchi yemwe onse amamulemekeza, mmodzi yekha, wosunga pakamwa. Dera lathu kuno ndi laling'ono, nkhani ikafika kwa anthu atatu yafika ku Oakville ndi ku Hamilton komwe.

A Bester akapepesa, a Norbert alandire. Akakanabe, ndiye kuti yasanduka nkhani ya kunyada, ndipo muwauze kuti tsiku silisintha, nkhoswe sisintha, ndipo mpando wa bambo a mwana udzaikidwa kutsogolo kaya abwera kaya sabwera.

Chenjezo langa ndi ili: Olivia musamutume. Asanyamule mawu kuchokera kwa bambo ake kupita kwa amalume ake, ndipo asapemphedwe kunena yemwe walakwa. Akakakamizidwa kusankha mbali, adzasankha yachitatu. Ana okulira kuno amadziwa njira ya ku ofesi ya mzinda, ndipo kumeneko ukwati amamangitsa ndi mboni ziwiri zokha, popanda bambo, popanda malume.

Aphungu