Ndinaseka mwana wanga akugwa kuchoka pamwamba pa basi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, ndimagulitsa ndiwo zamasamba mumsika wa kuno ku Tuen Mun. Amuna anga amayendetsa minibasi. Tsamba lanuli ndakhala ndikuliwerenga kwa zaka zambiri, n'kumapukusa mutu ndi mavuto a anzanga, kenako n'kukulungira kabichi m'nyuzipepala yomweyo. Lero ndine amene ndagogoda. Nkhaniyi sindingauze mnzanga aliyense wa mumsika chifukwa dzuwa lisanapendeke ikhala itafika kale kwa ogulitsa nsomba.

Tili ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Kit-ying. Zaka zingapo zapitazo anatiuza kuti wapeza ntchito pa fakitale ya mawotchi ku Kwun Tong, ndipo poti n'kutali azikhala konko ndi mnzake. Kunyumba ankabwera Lamlungu. Kawirikawiri ankafika bondo litatupa kapena msana uli mikwingwirima yokhayokha. Ndikafunsa ankati makatoni amugwera. Ndinkamupaka mankhwala uku ndikumukalipira kuti ndi wosasamala ngati bambo ake. Chaka chatha anathyoka fupa la paphewa, akuti waterereka pa masitepe a kuntchito. Anagona kwathu nthawi yaitali, ine n'kumamuphikira msuzi wa mafupa a nkhumba, ndikutukwana eni fakitale. Ndinafuna kupita konko kukawauza mawu, koma amuna anga anandiletsa, amvekere ndimuchotsetsa ntchito mwana.

Kit-ying ali pa chibwenzi ndi mnyamata wina wabwino, Wing-tat, mphunzitsi wa masamu. Ukwati tinaupangira kale tsiku, ndipo mkulu wosankha masiku anati ndi tsiku lamwayi. Mayi ake a mnyamatayo, Mayi Tam, ndi munthu wolemekezeka koma wovuta kumusangalatsa. Anandiuza okha kuti chimene anamukondera mwana wanga n'kufatsa, akuti amayenda ngati akuopa kupweteka pansi.

Pa tchuthi cha Chaka Chatsopano Mayi Tam anagula matikiti kuti mabanja awirife tikaonere limodzi kanema masana. Kit-ying atamva dzina la filimuyo anayamba kukanakana, akuti kuli ina yachikondi yabwino kuposa imeneyo. Amuna anga nawo anati mutu ukuwawawa. Ndinawayang'ana ndi diso lija amalidziwa, tonse tinapita.

Inali filimu ya akazi awiri apolisi amene anadzisandutsa ophika mu lesitilanti ya zigawenga. Inu Aphungu mumazidziwa zimenezi: mkazi kumenya amuna asanu ndi chipande, wina kuvekedwa poto kumutu, wina kuthawa buluku lili m'maondo. Holo yonse inali phwete. Ine ndinaseka mpaka nthanga za mavwende zimene ndinkakukuta zinanditsamwitsa. Pena mmodzi wa akazi apolisi aja anathamanga pamwamba pa basi yosanjikiza ikuyenda, n'kudumphira pa nsungwi zimene amisiri amakwerapo pomanga nyumba, n'kutsetsereka mpaka kugwera mu dengu la abakha. Ndinagwira Mayi Tam pamkono n'kuti, "Mayi ake a mtsikana ameneyu amagona bwanji?" Tinaseka tonse awiri.

Filimu itatha, mayina atayamba kukwera, Kit-ying anaimirira msangamsanga kuti tizipita pakhomo pasanadzaze. Mayi Tam anamukoka kuti akhale pansi, amvekere pokoma ndi pamenepa, pamene amaonetsa zolakwika za pojambula. Anaonetsa katswiri wamkazi wosewera wapolisi uja akuiwala mawu, anthu n'kuseka. Kenako anaonetsa za pa basi zija. Ulendo uno wodumphayo sanazigwire nsungwi. Anamenyetsa phewa, n'kuzungulira m'mwamba, n'kugwera pamsewu pambali pa makatoni amene anamuyalira. Ogwira ntchito yojambula anathamangirako. Pomutembenuza wigi inavuka.

Aphungu, nkhope ya mwana wanga inadzaza khoma lonse. Mwana amene ndinabereka ine, maso atatembenuka, magazi ali m'mano. Anamugoneka pa chitseko ngati pa machira n'kumunyamula. Akumutulutsa anakweza chala chachikulu n'kumwetulira, ndipo anthu mu holo anaomba m'manja. Ndinamva Mayi Tam akuti chapansipansi, "Mayi Lau, kodi maso angawa akundinamiza?" Ndinatembenukira kwa amuna anga kuti andigwire, ndipo ndinapeza akuyang'ana nsapato zawo. Munthu wodzidzimuka sayang'ana nsapato. Pamenepo ndinadziwa kuti m'nyumba mwathu wosadziwa ndinali ine ndekha.

Tinali titagwirizana kukadya limodzi tikatuluka, koma Mayi Tam anaimitsa takisi osatsanzika. Wing-tat anaima pakati pa msewu kukamwa kuli yasa, akuyang'ana chibwenzi chake ngati akumuona koyamba. Zimene anakwanitsa kunena ndi zakuti, "Basi ija imayendadi?" Kenako mayi ake anamukokera m'galimoto.

Kunyumba zonse zinatuluka. Fakitale kulibe, ndipo sikunakhaleko. Ntchito ya mwana wanga ndi yolowa m'malo mwa akatswiri aakazi a m'mafilimu pamalo oopsa: kugwa pa masitepe, kuponyedwa pa windo, kugundidwa ndi njinga yamoto. Ali wamng'ono ankadwaladwala, ndiye bambo ake anamulowetsa sukulu ya kung fu ya padenga la nyumba yathu yakale. Atakula ndinamuletsa, ndinati mtsikana wotha msinkhu sakweza mwendo pamaso pa amuna. Ndinkayesa anasiya. Amuna anga anavomera kuti anadziwa za ntchitoyi tsiku limene anathyoka phewa, chifukwa achipatala anaimbira iwo. Anathamangira kuchipatala, anamuona ali chikomokere, madzulo n'kubwera kunyumba kudzadya mpunga umene ndinaphika, osanena kanthu. Akuti amaopa kuti magazi anga athamanga. Ndinafunsa Kit-ying chifukwa chake anandinamiza zaka zonsezi. Iye anati, "Amayi, ndikanakuuzani mukanandilola?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye mwadziyankha nokha." Analira, koma sanapepese chifukwa cha ntchitoyo. Anapepesa kuti ndaonera pa khoma. Akuti ojambula filimuyo anamulonjeza kuti malo amenewo sadzawaonetsa.

Sizinathere pomwepo. Mayi Tam anandiitana kukamwa tiyi n'kundiuza kuti ukwati ulipo pokhapokha mtsikana asiye ntchitoyo. Anandifunsanso, anthu a patebulo loyandikana akumva, ngati thupi loponyedwaponyedwa chonchija lingasunge mwana m'mimba. Ndinasowa poyang'ana. Ndipo tsopano Kit-ying wandiuza kuti mkulu wina wojambulitsa mafilimu wamufuna kuti akhale wosewera wamkulu mu filimu yatsopano, nkhope yake ndi dzina lake, osabisala mu wigi ya munthu wina. Kujambula kuyamba mwezi womwewo wa ukwati. Muli malo amene adzadumphe kuchoka pa sitima yowolotsa anthu kupita pa bwato. Akuti ndipite ndikaone mmene amagwirira ntchito kuti mtima wanga ukhale pansi.

Aphungu, ndichite chiyani? Ndimuletse? Ndiwauze chiyani Mayi Tam? Amuna anga sindikuwayankhula, ndimangowaikira mbale patebulo. Koma chimene chikundidya kwambiri n'chakuti ndinaseka. Mwana wanga amadumpha pamalo pamene panamuthyola, ine ndikuseka mpaka kutsamwa.

L.S.H., Tuen Mun

Mayi L.S.H.,

Pepani. Palibe kholo loyenera kumva nkhani yotere pakati pa anthu oomba m'manja. Koma tiyambe ndi zosekazo, tizichotse panjira. Simunaseke kuvulala kwa mwana wanu. Munaseka kudumpha kumene kunatheka, ndipo iye anabwerera pa basi ija atachira, n'kudumphanso, kuti anthu ngati inu aseke. Ntchito yake anaigwira bwino. Mlandu pamenepo mulibe, siyani kudziweruza.

Bodza ndiye lilipo, ndipo musalichepetse. La Kit-ying ndi loipa, koma yankho lake munalimva, ndipo nanunso mukudziwa kuti sananame pamenepo. La amuna anu ndi lalikulu kuposa, chifukwa mwana ali chikomokere m'chipatala si nkhani yobisira mayi wake, kaya magazi amathamanga kaya ayi. Kuwaikira mbale muli duu sikuwaphunzitsa kanthu. Akhazikeni pansi tsiku limene sakupita kumsewu, muwauze maso ndi maso kuti anakulandani ufulu wokhala pambali pa bedi la mwana wanu, ndipo kuti zisadzachitikenso. Akapepesa, landirani. Mufunika munthu woima naye limodzi miyezi ikubwerayi.

Mukufunsa ngati mumuletse. Munamuletsa kale ali mtsikana wa sukulu, ndipo mwaona chimene chinatulukapo. Lero ndi munthu wamkulu wodzidyetsa yekha. Mphamvu yoletsa mulibe, koma mphamvu yofunsa muli nayo, ndipo mayi wa mumsika amadziwa kufunsa mpaka munthu atuluke thukuta. Musanakambe za filimu yatsopano, pitani naye kwa dokotala wa mafupa, akamuunike phewa, msana ndi mutu, popeza anakomokapo. Osangodalira zopakapaka. Funso la Mayi Tam lija, ngakhale analifunsa mopanda ulemu, dokotala ndiye angaliyankhe, ndipo yankholo ndi la Kit-ying, si lokafotokoza pa tebulo la tiyi.

Kenako muuzeni asavomere ntchitoyo ndi pakamwa pokha. Anthu amene anamulonjeza kuti sadzaonetsa kugwa kwake n'kukuonetsa dziko lonse asonyeza kale kulemera kwa mawu awo, ndipo sindikhulupirira kuti enawo ndi osiyana nawo. Pakhale mgwirizano wolembedwa, munthu wodziwa malamulo auwerenge. Akavulala amulipirira ndani chipatala? Pa tsiku lodumphira pa bwato padzakhala dokotala ndi osambira pafupi? Akaona kuti mafunde kapena mphepo sizili bwino, ali ndi ufulu wokana osachotsedwa ntchito? Akhala wosewera wamkulu tsopano, mawu ake ayamba kulemera. Awagwiritse ntchito podziteteza, osati pofuna kuonetsa kuti ndi wolimba mtima kuposa amuna.

Za ukwati, inu ndi Mayi Tam mwalowa pabwalo losakhala lanu. Wokwatira ndi Wing-tat, ndipo m'kalata yanu yonse wangoyankhula kamodzi, kufunsa za basi. Iyenso ananamizidwa, ndipo ali ndi ufulu wokwiya kapena wobwerera m'mbuyo. Awiriwo akhale pansi okha, Kit-ying anene zonse, mnyamatayo anene ngati angakhale ndi mkazi wobwera kunyumba ndi mikwingwirima. Akati inde, ndi iyeyo woti akayankhule ndi mayi ake, osati inu. Musalonjeze Mayi Tam kuti mtsikana asiya ntchito pofuna kuti ukwati upulumuke. Limenelo likhala bodza lachitatu, ndipo likhala lanu. Auzeni mwaulemu kuti ana akukambirana. Tsiku la ukwati lisakumangeni manja. Amene anasankha limenelo akhoza kusankha lina.

Ndipo pitani kumene wakuitanani. Mwana amene wabisala zaka zonsezi akati bwerani mudzaone, akutsekula chitseko chimene sichingakhale chotsekula mpaka kalekale. Mukaone zingwe, mukaone anthu amene amamugwira, mukamudziwe mkulu wokonza zodumphazo, akuoneni nkhope adziwe kuti mtsikanayu ali ndi kwawo.

Chenjezo langa ndi ili. Zokangana zonse muzithere kunyumba, masiku ojambula asanafike. Munthu wothamangira kumapeto kwa sitima amafunika mutu wopanda mawu a mayi ake akulira m'makutu. Tsiku limenelo mukaime pamene akuuzani, ndipo akayamba kuthamanga, lumani mpango wanu. Musakuwe, musatchule dzina lake, angatembenuke kuti akuoneni.

Aphungu