Botolo Limene Kanyerere Analitcha Apolisi

Lolemba, 3 Malichi
Kuchipatala atipatsa botolo lachitsulo lowerenga madzi. Akuti akuliyesa kaye ngati limawerenga bwino. Impso za Kanyerere wanga zatopa, asamamwe madzi opitirira mamililita 600 pa tsiku. Akafika pamenepo, kagetsi ka pachivindikiro kamafiira. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, madzi enieniwa azichita kupempha! Iye akuseka, walitcha Apolisi.

Lachitatu, 5 Malichi
Botolo lalemba 420 basi. Anesi andiyamikira pafoni. Koma potaya madzi otsala madzulo, botolo linali lopepuka, chonsecho m'mawa ndinadzaza lita yathunthu. Ndawauza bambo ake. Akuti, "Iwe wa Sitandade 6 utsutse makina a madokotala?"

Lachisanu, 7 Malichi
Nsapato sizikumulowa. Zikope zatupa. Botolo likuti 390. Mulungu wanga.

Loweruka, 8 Malichi
Ndaliyesa ndekha. Ndatenga kabotolo kake koyamwira kakale, kamizere kaja, ndayeza 300, ndathiramo, ndagugudiza. Lalemba 300 ndendende. Ndathiranso, koma ndamwa pang'onopang'ono ngati mbalame mpaka atha. Silinalembe kanthu!
Kanyerere anali pakhomo kundiyang'ana. Akuti, "Nanunso mwadziwa? Mukamamwa tating'ono Apolisi sadzuka."
Ndamufunsa, wandipangiranji zimenezi mwanawe?
"Kagetsi kakafiira mumalira, amayi. Ndiye ndimamwa mosakadzutsa."

Lamulungu, 9 Malichi
Atigoneka kuchipatala. Kanyerere akubanika. Adokotala akuti madzi afika m'mapapo.

Lachiwiri, 11 Malichi
Kwabwera mayi wa kafukufuku uja anatipatsa botolo. Ndamuonetsa mmene ndinayesera, wayesanso yekha katatu, walemba m'buku lake. Wapepesa, akuti aitanitsa mabotolo onse amene anapatsa ana ena. Kenako wafunsa, "Munaona liti kuti likupepuka?"
Ndati Lachitatu.
Bambo a Kanyerere angoyang'ana pawindo. Mpaka pano sanandiyang'ane kumaso, ndipo ine sindikufuna kuti andiyang'ane.
Botolo wapita nalo mayi uja. Kanyerere ali ndi kapaipi pamphuno, milomo yang'aluka. Wandikodola ndi chala.
"Apolisi apita?"
"Apita, mwanangu."
"Ndiye ndimwe?"
Anesi anati lero ayi, mpaka akodze kaye. Ndaviika thonje m'kapu kuti ndimunyowetse milomo. Waliluma, wayamba kuliyamwa ndi mphamvu zake zonse. Ndachita kulisolola mkamwa mwake, ine mayi wake.
Sanalire. Wangondiyang'ana mmene ankayang'anira kagetsi kaja.