Ndinati Si Bambo Anga

Lolemba, 3 Malichi 2025

Anthu a ngongole aja aimbanso, ankolo Ambrose ali pakati pomwa tiyi. Anayang'ana foni, n'kuivundikira pathebulo, n'kupitiriza kupaka majarini pabuledi ngati palibe chachitika. Anti Maria maso pansi. Ine ndinanamizira kufunafuna nsapato.

Zimandipsetsa mtima. Lole ya ankolo analanda kale mu Disembala, koma akuti ataigulitsa ngongole sinathe. Lole mwatenga, munthu mukumufunanso chiyani? Pano ankolo akuyendetsa kagalimoto ka eni ku Athi River, kunyamula simenti, tsiku lina ntchito ilipo, lina kulibe. Amabwera tsitsi lili mbuu, n'kumatiseka kuti imvi zaulere.

Lachinayi akukaonana ndi mayi wina wodziwa malamulo, amene amathandiza anthu kutchalitchi. Akuti ndiwaperekeze. "Iwe Tupo Chingerezi cha m'maofesi umachitha." Ndavomera.

China: Loweruka ndinapita ndi Carol, mnzanga wa kutchalitchi, kukaona kachipinda ku Roysambu. Zenera lalikulu, madzi osavuta, komanso kulibe wofunsa kuti wachedwa kuti. Pakhomo pano sindinauze munthu. Ndingayambire pati? Chibwerereni kudzaphunzira ku Nairobi ndakhala m'nyumba muno ku Kasarani, lendi osalipira, chifukwa choti ankolo anali mnzawo wa malemu bambo anga kusukulu ku Karonga. Basi, chibale chake n'chomwecho. Iwo ndi anti mwana alibe.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndalakwa. Kapena sindinalakwe, sindikudziwa. Ndilembe mmene zayendera.

Mayi uja dzina lake ndi Lenah, Mkenya, wolankhula mosazungulira. Kaofesi kake n'kothina, mipando ya pulasitiki. Ankolo anavala jekete ya ku ukwati.

Anatifotokozera kuti munthu akalephereratu kubweza ngongole, lamulo la kuno lili ndi njira zingapo, ndipo kwa ankolo zoyenera kuganizira n'ziwiri. Yoyamba ndi ya munthu amene alibe katundu woti n'kugulitsa, alibenso kotenga ndalama yobwezera. Akamuvomera, angongole amasiya kumuvutitsa, ndipo nthawi yoikika ikadutsa ngongole zambiri zimafufutidwa. Yachiwiri ndi ya munthu amene mwezi ukatha amatsalako ndi kenakake: ameneyo amalipira pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, kwa zaka. Sasankha ndi iwe. Aboma amaona zolowa ndi zotuluka m'nyumba mwako.

Kenako anafunsa kuti pakhomo timakhala angati, ndipo amene amapeza ndalama ndani.

Ankolo nkhope inawala. Koyamba chiyambireni mavutowa. Anandigwira paphewa n'kuyamba: uyu ndi mwana wanga, anakhoza bwino kuyunivesite, pano ali pantchito kubungwe, gasi amagula ndi iye, ufa, magetsi, zonse. Anawonjezeranso kuti mabwana amandikonda. Ankayesa akunena zoti zitithandize, kuti mayiyo aone kuti si ife banja la chabechabe.

Lenah ankangolemba. Atamaliza anati ndiye kuti nkhani yasintha. Ngati chakudya ndi magetsi akulipira ndi wina, ndalama za ankolo za ku Athi River zikuoneka ngati zikutsalako, ndipo n'kutheka awaika panjira yachiwiri ija.

M'mutu mwanga zinathamanga msangamsanga. Ankolo azilipira ngongole, ine ndizidyetsa nyumba, zaka. Kachipinda kaja ayi. Sukulu yomwe ndikufuna kupitiriza ayi. Ndisanaganize n'komwe ndinamva pakamwa panga pakutuluka Chingerezi chomwe anandiitanira chija:

"Si bambo anga awa. Ndimangokhala nawo."

Dzanja linachoka paphewa. Osati mwaukali. Linangochoka.

Chopweteka n'chakuti sizinathandize kanthu. Lenah anati nkhani si ya magazi, nkhani ndi ya mphika: ngati mukudyera limodzi ndipo akugula ndi iyeyu, zilembedwa choncho, iye sanganame. Zingasinthe pokhapokha nditasamukadi. "Sindikukuuzani kuti musamuke," anatero. "Ndikungokuuzani mmene adzazionere."

Pobwerera tinakwera matatu, minibasi za kuno, nyimbo zili pamwamba. Kondakitala atafika, ankolo analipira ya anthu awiri ine ndisanatsegule chikwama.

Lachisanu, 7 Malichi

Andipatsa moni m'mawa ngati masiku onse. Bola akanandikalipira.

Lamulungu, 9 Malichi

Kutchalitchi sindinamve chilichonse. Titatuluka, Amalawi tinaima pamtengo paja monga mwa masiku onse, nkhani za mitengo ya chimanga kumudzi ndi za amene akupita ku Lilongwe kuti timupatsire katundu. Ankolo akuseka ndi anzawo, jekete yomwe ija. Palibe akudziwa.

Masana ndikusita kuchipinda ndinawamva pabalaza. Khoma la nyumba ino ndi dzina chabe.

Ankolo: "Ndilipira pang'onopang'ono. Mwana asachoke chifukwa cha ngongole yanga."

Anti: "Ndi msana umenewo? Mpaka liti?"

Ankolo: "Ndinalonjeza bambo ake."

Mwana. Pambuyo pa zomwe ndinanena zija, akuti mwana. Ndinapsereza kolala ya bulauzi.

Ndayesa kudzinamiza kuti ndikuganizira iwo, koma muno m'buku ndinene zoona. Nditakhala, n'zotheka. Malipiro anga angakwanitse nyumba, ankolo n'kumalipira ngongole yawo mwaulemu mmene akufunira. Sitingafe. Vuto ndi lakuti sindikufuna. Ndatopa kufotokoza komwe ndinali, ndatopa ndi wailesi ya mapemphero m'mamawa, ndatopa kubisa nsapato zatsopano ngati ndaba. Ndikufuna khomo langa ndi kiyi wanga. Ndine woipa? Mwina.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndalipira chipinda cha ku Roysambu nthawi ya nkhomaliro. Mtima unadumpha ndi chimwemwe, ndipo zimenezo n'zomwe zikundichititsa manyazi.

Madzulo ndinawauza. Ndinakonzekera mawu m'matatu ngati ulaliki: ndaganiza mofatsa, ndibwino ndisamuke kuti inu mulowe njira yoyamba ija, mupume, zaka zanu si zonyamula ngongole. Zonse zoona. Ndinafika mpaka pogwetsa misozi, ndipo sindikudziwa kuti inali ya chiyani.

Ankolo anakana kaye. Kenako anayamba kupukuta magalasi awo ndi malaya. Pomaliza anati, "Bambo ako analinso chonchi. Kudzimana chifukwa cha anzawo." Anandithokoza. Anandithokoza, ine!

Kukhitchini anti akutsuka mbale, ine ndikupukuta. Osandiyang'ana anati:

"Carol anandiuza kutchalitchi kuti chipindacho chili ndi zenera labwino."

Mbale inatsala pang'ono kugwa.

"Akuti munakachiona tisanapite n'komwe kwa mayi wa malamulo uja."

"Anti, ine..."

"Sindiwauza. Asiye aziganiza kuti wadzipereka, ziwathandiza kugona." Anandipatsira mbale ina. "Ndiwe wamkulu, Tupo. Ukanangonena."

Carol pakamwa pake ngati mpopi wothyoka. Ndamulembera mawu oipa kenako ndafufuta. Walakwa chiyani iye?

Lachinayi, 13 Malichi

Ndinamuimbira Lenah ndili kuntchito. Ndinafunsa ngati ndingamawatumizirebe ndalama ya gasi ndi ufa ndili kwanga. Anati mphatso ya apo ndi apo ndi nkhani ina, koma ngati ndi mwezi ndi mwezi ankolo ayenera kunena, ndipo tabwerera pomwe tinali paja.

Ndiye kuti ngakhale nditafuna, ndisamathandize kwambiri. Ndinati, "Sawa, zikomo," ndi mawu achisoni. Nditadula foni ndinamva kupepukidwa mpaka m'mapewa. Ambuye ndikhululukireni.

Loweruka, 15 Malichi

Ndasamuka. Mvula inayamba titangotulutsa matilesi.

Ankolo anabwereka kagalimoto ka kuntchito kaja, akuti sangalole mwana wawo anyamulidwe ndi anthu osawadziwa. Anamanga katundu okha, mfundo zawo za pa lole zija, akunyowa, akukana ambulera. Masitepe a ku Roysambu anakwera ndi matilesi pamutu, akupumira pakona iliyonse. Ndinkangoti ankolo siyani, ndiitana anyamata. Osamva.

Atafika m'chipinda anayesa loko, anatsegula mpopi, anagogoda khoma. Anakamupeza woyang'anira nyumba n'kumuuza m'Chiswahili chawo chokhotakhota chija kuti mtsikanayu ali ndi eni ake, asamuone ngati ali yekha.

Anti sanabwere. Anandiikira m'katoni mapoto awiri, chipande ndi kathumba ka mpunga wa kilombero womwe amasunga kuyambira Khirisimasi.

Atapita ndinakhala pamatilesi n'kumvetsera. Zii. Zomwe ndinkafuna zija. Ndinavina pang'ono, kenako ndinalira, kenako ndinagula tchipisi.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndikugona bwino kwambiri. Ndikanakonda ndikanamavutika.

Lachiwiri, 25 Malichi

Uthenga wa ankolo: mapepala apita, Lenah wawapemphera njira yoyamba ija, akuti mmene zililimu mwayi ulipo. Pamapeto alemba kuti, "Zonsezi ndi iwe." Ndayankha ndi timanja topemphera. 

Mmene zililimu. Ndiye kuti nyumba yopanda chotsala. Ndiye kuti zayenda bwino chifukwa anthu awiri aja tsopano akuvutikadi, moti ngakhale aboma aona okha.

Lamulungu ndipita. Ndigula nkhuku ndi shuga. Apo ndi apo, monga ananenera.

Lamulungu, 30 Malichi

Ndinafika masana. Fungo la makala linandilandira pamasitepe. Anti akuphikira pambaula pakhonde, silinda ya gasi ili pakona, aphimba ndi kansalu n'kuikapo duwa. Sindinafunse.

Anandilandira bwino. Bwino kwambiri. Ankolo anadzuka, kundigwira dzanja ndi manja awiri, kufunsa za kuntchito, za madzi ku Roysambu, ngati oyandikana nawo ndi anthu abwino. Aonda m'khosi. Anti analandira nkhuku n'kuthokoza kawiri konse, mpaka kuwomba m'manja.

Ndinavula nsapato n'kulunjika kukhitchini kuti ndidule anyezi. Anti anaima pakhomo.

"Ayi, kakhale pabalaza. Wavala bwino."

"Anti, ndi ine."

"Ndikudziwa. Kakhale."

Ndinakhala pasofa, chikwama pamiyendo. Chitseko cha chipinda changa chinali chotseka. Ankolo anati akuganiza zoikamo mnyamata wa ku koleji azilipira kangachepe, koma ayamba afunsa Lenah ngati zimenezo sizisokonezanso. Anaseka. "Masiku ano ngakhale kuyetsemula timayamba tafunsa Lenah." Ndinaseka nawo.

Chakudya chitapsa anti anayala nsalu yoyera pathebulo, n'kuika mbale ziwiri zokha, ya ankolo ndi yanga. Iwo akuti adyera kukhitchini. Kenako anabwera ndi beseni ndi jagi, thaulo paphewa. Ndinadzuka kuti ndilandire, ntchito imeneyo inali yanga m'nyumba muno. Anandibweza ndi chigongono.

Anagwada patsogolo panga, mayi wamkulu ngati uja, mawondo akulira.

"Sambani," anatero.

Ndinayang'ana ankolo kuti anene kanthu. Ankangomwetulira, akudikira kuti mlendo ayambe.

Ndinatambasula manja. Madzi anali ofunda, anachita kunditenthetsera.