Kachitini ka Amalume ndi Fodya wa Achimwene

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko kumene munatsogolako? Kuno tilipo. Mvula yagwa, ndipo dziko lonse kuyambira kwathu ku Lukwa mpaka ku Nkhamenya labiriwira moti simungalizindikire. Ndine Tadala wanu. Papita chaka ndi mwezi chikuikireni m'manda, ndipo lero ndi pamene dzanja lalola kugwira cholembera. Musandikalipire. Ndinali ndi nkhani imene sindikanatha kukuuzani isanafike kumapeto, poti inu nkhani zosiyira panjira simunkazifuna.

Ndiyambe ndi zopepuka. Msuweni wanga wa ku Mtunthama uja, amene munkati sadzakwatiwa chifukwa cha pakamwa, anabereka mapasa, onse aamuna, ndipo pakamwapo mpamene pawonjezeka. Chimanga chinachita bwino, nkhokwe inadzaza, ngakhale anankafumbwe anatiyesa ndithu. Mbuzi yanu yamawanga idakali yakuba, chaka chino yalowa kawiri m'dimba la eni ake. Chigafa choumitsira fodya chinapendama mbali ya kumadzulo, chiswe chinadya nsanamira ziwiri. Zonsezi ndinkangomva kwa amalume a Gidiyoni, mlongo wanu, chifukwa ine kumudzi sindinapondeko chaka chathunthu. Kuchoka pa boma pano kufika kwathu si patali, mukudziwa. Chinanditsekereza ndi manyazi, komanso achimwene a Lameki amene anasiya kundiyankhula. Nkhani ndi imeneyo.

Mukukumbukira mmene munkauzira amayi anzanu kutchalitchi kuti Tadala amalemba makalata a mvula? Simunkalakwa kwenikweni. Bungwe lathu linaika tizitini toyezera mvula m'midzi, ndipo mudzi uliwonse uli ndi munthu amene m'mawa amawerenga madzi agweramo, n'kutumiza nambala pa foni, n'kukhuthula kachitiniko. Kwathu munthuyo ndi amalume. Manambalawo amapita ku makompyuta akuluakulu a kutali amene timachita lendi kudzera pa intaneti, ndipo pulogalamu imene ndinalemba ine imawasonkhanitsa, kuwapeta ndi kuwawerengera. Ikaona kuti mvula yeniyeni yodzalira yafika, osati chizimalupsa chonamiza anthu chija, imatumiza uthenga ku mafoni a alimi kuti kazuleni mbande ku nazale, nthawi yowokera fodya yakwana.

Tsiku limene anandiimbira kuti mwatisiya, ndinali mkati mokonza pulogalamuyo. Ndinali nditachotsamo kachigawo kena kakale kuti ndikalembenso bwino. Nthawi imeneyo zonse tinkachita ndi manja. Ukasintha pulogalamu unkaiyesa wekha, ngati wakumbukira, kenako n'kuikweza wekha ku makompyuta a kutali aja. Ine misozi ili chuchuchu, ndinangokweza zimene zinalipo kuti ntchito isaime ndili kumaliro, n'kutseka laputopu, n'kuthamangira galimoto. Kachigawo ndinachotsa kaja nkamene kankafunsa kuti, kodi nambala iyi ndi ya tsiku limodzi?

Ndiye taganizani, Amayi. Pa maliro anu ndani akanapita kukasuzumira m'kachitini? Amalume ndiwo anali mwini maliro. Masiku asanu kunkawaza kamvula kongonyowetsa fumbi, moti adzukulu pokumba manda anadandaula kuti pansi mpouma gwa. Anthu atabalalika, amalume anapita pa kachitini n'kupeza madzi a masiku asanu onse ataunjikana. Munthu wokhulupirika, analemba zimene anaona. Pulogalamu yanga inati eee, chimvula chonsechi tsiku limodzi! Uthenga unapita kwa alimi onse a dera lathu kuti kawokereni.

Ambiri anauwerenga n'kuseka, poti maso ali nawo. Koma achimwene anawokera, ndipo anzawo atatu powaona anatsatira. Dzuwa linawomba milungu iwiri osapumira. Mbande zonse zinapsa, ku nazale kunali kutatha kale, ndipo anachita kupemphetsa zotsalira kwa anthu. Fodya wa chaka chimenecho sindikufuna n'kumunena komwe. Achimwene anandiimbira kamodzi kokha. Anati, "Ndinakumba mmene ankachitira amayi, chinyezi sichinapitirire chala. Koma ndinati mlongo wanga anapita kusukulu, makina ake sanganame." Bwenzi atangonditukwana, Amayi. Mawu amenewa anandilasa, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yanga sankayankha.

Amalume nawo anafuna kubweza kachitini, ati nkhalamba yapha fodya wa mwana wa mlongo wake. Ndinawakaniza kwamtuwagalu. Iwo analemba zoona. Wolakwa anali ine, ndipo ndinawauza choncho, ndinauzanso abwana anga choncho.

Koma mukundidziwa, ndinatengera inu. Ndinalira mwezi umodzi, kenako ndinapsa mtima. Ndinadzifunsa kuti, ntchito yoti imagwa chifukwa munthu mmodzi wamva uthenga wa maliro, ndi ntchito yanji imeneyo? Ndinakumbukira nthawi yosankha fodya. Simunkalola fodya kulowa mu jeke yodindira belo wina asanapisemo dzanja, ngakhale wosankhayo mutakhala inu nomwe. Tikang'ung'udza kuti mukutichedwetsa munkati, "Wosankha ndi wodinda asakhale munthu mmodzi, ana inu. Munthu wotopa amadzikhululukira yekha." Ine tsiku lija ndinali wosankha, wodinda, ndi wotopa yemwe.

Ndiye chaka chonsechi ndakhala ndikumanga chinthu, ndipo ndikuchinyadira, sindibisa. Tsopano munthu akasintha pulogalamu, kaya ndine kaya mnzanga wa mu ofesi, kusinthako sikupita molunjika kwa alimi. Kumayamba kwadutsa m'mayeso amene amadziyambitsa okha, popanda woti akumbukire. Makina amatenga pulogalamu yatsopanoyo n'kuipatsa manambala a zaka za m'mbuyo, kuti aone ngati iyankhe zimene tikudziwa kuti zinachitikadi. Kenako amaipatsa dala zoola: tsiku losalembedwa, mudzi wolembedwa kawiri, nambala ya munthu amene chala chinaterereka pa foni. Pakati pa zoolazo ndinaikapo nambala ya amalume ija, yeniyeniyo, ya masiku asanu. Pulogalamu ikangoimeza n'kunena kuti kawokereni, pa kompyuta pamayaka chofiira, ndipo zonse zimaima pomwepo. Ikapambana mayeso, imakakhala tsiku lathunthu pamalo oyesera, kunena kwake nazale yake, pomwe mauthenga amangofika m'mafoni athu a mu ofesi. Mnzanga amawerenga zimene ndasintha, ine ndimawerenga zake. Akavomera, makina amaikweza okha, ndipo ikayamba kuchita zachilendo amabwezeretsa ya dzulo ine ndisanamve n'komwe.

Pa mafoni a owerenga mvula ndinawonjezeraponso kabatani kolembedwa kuti, "Kunali zovuta, sindinawerenge." Mnzanga wina wokulira m'tauni anaseka, ati zamaliro zikulowa bwanji mu pulogalamu. Ndinangomuyang'ana mpaka anayamba kufunafuna cholembera pansi pa tebulo. Kodi iye amati anthu athu azisiya mtembo m'nyumba n'kumakawerenga madzi? Chomaliza, ndinatseka khomo lakale lija lokwezera ndi manja. Ndinatsekera aliyense, woyamba ine ndemwe.

Mayeso enieni anabwera Novembala akutha. Kunagwa chimvula cha tsiku limodzi, chamabingu, mpaka madenga a pamsika kusasuka. Mafoni mu ofesi anayamba kulira, alimi kufunsa kuti uthenga uli kuti. Abwana athu ndi munthu wabwino, koma foni ikamalira amanjenjemera. Anabwera pa desiki panga n'kunena kuti, "Mayi, tafewetsani lamulo lanulo pang'ono, uthenga upite lero. Anthu aziti bungwe lagona." Sindinakangane nawo. Ndinalemba zimene ankafunazo iwo ali chilili kumbuyo kwanga, n'kuzitumiza ku mayeso. Sipanapite nthawi, pa kompyuta pali psuu. Lamulo lofewalo linagwa pa nambala ya amalume, chifukwa nalonso linkakhulupirira mvula ya tsiku limodzi.

Anati, "Ndiye ingokwezani ndi manja."

Ndinati, "Khomo limenelo ndinakhoma, bwana, ndipo munavomereza nokha."

Anapukuta thukuta, n'kundiuza kuti mvula ikapitirira alimi n'kuchedwa kuwokera, mlandu ndi wanga. Ndinati ndamva. Mawu anatuluka olimba, Amayi, koma chiopsezo chinalipo. Mbande zikakulitsa pa nazale nazonso sizigwira bwino, zimenezo ndikuzidziwa. Ndipo ku Lukwa kunali munthu mmodzi amene ndikanamulakwiranso kachiwiri, kaya pofulumira kaya pochedwa, ndiye kuti mlongo ndataya mpaka kalekale. Ndinangodziuza mawu anu aja akuti fulumira adadya gaga, n'kupitiriza ntchito zina.

Dzuwa linabweranso, sabata ndi theka, lowawula. Amene anawokera pa mvula ya tsiku limodzi ija anachita kusenza ndowa kuthirira phando lililonse. Tsiku lina abwana atangodutsa ndinapeza mandasi awiri ndi botolo la chakumwa chozizira pa desiki panga. Ndinadya, sindinafunse.

Mvula yeniyeni inafika mu Disembala, yofatsa, masiku otsatizana, tizitini ta midzi yonse tikugwirizana. Uthenga unapita wokha Lachinayi m'mawa, ine ndili pa mzere kuchigayo, ufa uli mbuu m'tsitsi. Sindinakhudze kalikonse. Posakhalitsa foni inalira, kuyang'ana, dzina la achimwene. Ndinachoka pa mzere thumba kulisiya pompo.

Anati, "Tada, uthenga wako wafika. Ine ndinali nditakumba kale, chinyezi chafika m'chigongono. Ulendo uno mwagwirizana ndi khasu. Loweruka tikuwokera, anthu akuchepa."

Basi, anadula. Moni panalibe, ndipo sindinkamufuna n'komwe. Ndinaima panja pa chigayo ndikuseka ndekha, anthu kumandiyang'ana ngati wapenga.

Loweruka ndinalawirira, chitenje m'chiuno, nsapato m'manja. Tinayamba ntchito, achimwene kukumba mapando, ine pambuyo kuika mbande. Pofika mzere wachitatu anayamba kunditonza, ati manja a pa kompyuta akudzala mopendama, fodya ameneyu adzakula akuyang'ana ku boma. Ndinawabwezera kuti mapando awo ndi okhota ngati chigafa chawo. Amalume anali pansi pa mtengo akuseka mpaka kutsokomola. Msana unandiwawa, Amayi, ndinali nditaiwala kuti kuwokera si masewera.

Dzuwa lili pamutu, alamu anga a Nabanda, akazi a achimwene, anatulukira ndi chigubu cha thobwa, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lina m'chiuno. Amayi, alamu ngotopa, ngoyembekezera! Mwezi wawo ndi wamawawu. Mimba yonseyo yakula ine osadziwa kanthu, ndili pa boma pompa. Amalume, munthu wamwamuna wachikulire, nkhani zotere sanena, anandiuza za mbuzi ndi chiswe, izi ayi. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira, kulira kwenikweni kotulutsa mawu. Ndinkaganiza kuti chimene ndinawononga ndi fodya wa chaka chimodzi basi, osadziwa kuti pobisala ndi manyazi anga ndikanaphonyanso mwana woyamba wa achimwene.

Achimwene anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Ndimati ndikuuze, koma pakamwa panalemera." Alamu anatula chigubu, n'kundigwira paphewa. Anati, "Alamu, musalire. Apongozi kulibe, amayi anga maso anafa. Ine ndimadandaula kuti kuchipatala akandidikirire ndani." Ndinati funso limenelo asafunsenso.

Fodya wagwira, Amayi, mizere yonse, masamba ayamba kale kutambasuka. Ku ofesi ndapempha tchuthi cha milungu itatu, ndipo abwana sanachite mantha, poti ntchito tsopano imayenda ine kulibe. Ndagula zitenje zinayi, beseni ndi kabulangete kofewa. Sindidziwa zambiri za kudikirira wodwala, ndifunsa amayi anzanu aja, andiphunzitsa. Koma ndikukulonjezani kuti pakhomo pa chipatala, pamene mukanakhala inu, ndikhalapo ine, kaya masiku achuluka bwanji. Mdzukulu wanu akadzatuluka sadzasowa manja a kwathu omulandira.

Pumulani bwino, Amayi anga. Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu,
Tadala